Pansi pathupa pali chiyani, ndipo chivomezi chimachokera kuti?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale m'boma la Salima. Ndinali kamtsikana pamene chivomezi cha 1989 chinatitulutsa m'nyumba usiku, ndipo mpaka lero lole ikamadutsa mumsewu mtima umandigunda. Ana a m'kalasi langa andifunsa kuti pansi pa nthaka pali chiyani. Wina akuti pali moto, wina akuti pali nyanja, wina wamva kwa agogo ake kuti ndi Napolo akamatembenuka. Aonanso pa foni kuti Africa ikung'ambika pakati. Ndiwayankhe chiyani? Nanga akatswirinu simungatiuziretu tsiku limene chidzabwerenso?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa simunawakalipire anawo kuti akhale chete. Usiku umene mukunenawo unali wa pa 10 Malichi 1989. Chivomezicho chinali cha mphamvu yoposa 6, chinapha anthu 9, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mantha amene muli nawo ali ndi chifukwa chake, ndiye ndiyankha mosabisa kanthu.

Choyamba muwauze anawo kuti palibe munthu amene anafikako pakatikati pa dziko. Kuchoka pamene mwaimapo kukafika pakatipo ndi makilomita 6,371. Dzenje lakuya kwambiri limene anthu anaboolapo lili ku Kola, kumpoto kwa Russia. Anayamba kuboola mu 1970, ndipo mu 1989, chaka chomwecho cha chivomezi chanu, anafika mamita 12,262. Zaka pafupifupi makumi awiri akulimbana nalo, koma kuya kwake sikukufika n'komwe mtunda wochoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay. Pansi pa dzenjelo anapeza kutentha kwa madigiri 180. Azigogo athu amene anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ya golide amadziwa zimenezi ndi thupi lawo: ukamatsika, thanthwe limanka litentha. Mgodi wa Mponeng ku South Africa unafika makilomita pafupifupi 4, ndipo thanthwe la pansi pake limatentha madigiri oposa 60, moti amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu agwire ntchito. M'malo ambiri kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iliyonse imene watsika. Mwana amene anati pali moto uja sanaphonye kwenikweni, kungoti si moto wa malawi ngati wa nkhuni, pakuti kulibe mpweya woti uyakire. Ndi kutentha kumene kunatsala pamene dziko linkapangika, kuphatikizapo kumene kumatuluka m'miyala yokhala ndi yuraniyamu ndi zina zotere.

Ndiye tinadziwa bwanji za kumene sitinafikeko? Mayi akamagula mphika wadothi pamsika sauswa kuti aone ngati ndi wabwino. Amaugogoda ndi chala n'kutchera khutu, ndipo kulira kwake kumamuuza ngati uli ndi mng'alu. Ifenso timatero, koma chala chathu n'chochepa, ndiye chimene chimatigogodera dziko ndi chivomezi chomwecho. Chikachitika chachikulu, mafunde ake amalowa pansi, amadutsa m'kati mwa dziko, n'kukatulukira kutsidya, kumene makina amalemba nthawi imene afika. Mafunde oyenda m'katiwa ndi a mitundu iwiri. Oyamba, amene timawatcha P, amakankha ndi kukoka thanthwe, amathamanga makilomita ngati 6 pa sekondi m'miyala ya pamwambayi, ndipo amadutsa m'cholimba ndi m'chamadzimadzi momwe. Achiwiri, a S, amagwedezera thanthwe uku ndi uku monga mmene chingwe chimachitira mukachipukusa, amayenda makilomita ngati 3.5 pa sekondi, ndipo m'chinthu chamadzimadzi sadutsamo ayi. Mwina mukukumbukira kuti usiku uja munayamba mwamva mkokomo kapena kugunda kamodzi, kenako n'kubwera kugwedezeka kwenikweni. Ndi mafunde awiriwa, wina kutsogola wina kutsatira, monga mphezi imayamba yang'anima bingu n'kumveka pambuyo. Mukawerenga masekondi a pakati pawo n'kuchulukitsa ndi 8, mwapeza pafupifupi makilomita ochoka pamene muli kukafika pamene chayambira. Samu imeneyi ana a sitandade 7 angaichite pabolodi.

Pofufuza mafundewa, Richard Oldham anaona mu 1906 kuti pakati pa dziko pali chinthu china chosiyana chimene chimawachedwetsa. Mu 1909 Andrija Mohorovičić wa ku Croatia anaona kuti pa kuya kwa makilomita makumi angapo mafunde amawonjezera liwiro mwadzidzidzi, ndiye kuti pamenepo mwala wasintha mtundu. Patapita zaka zochepa Beno Gutenberg anayeza kuti chapakaticho chimayambira pa makilomita pafupifupi 2,900. Kenako anthu anazindikira kuti mafunde a S safika n'komwe kutsidya lina la dziko, kusonyeza kuti panjira akumana ndi chinthu chamadzimadzi. Ndipo mu 1936 mayi wina wa ku Denmark, Inge Lehmann, anapeza timafunde tofooka tikutulukira pamalo pamene sitinkayembekezeka, nazindikira kuti m'kati mwa chamadzimadzicho muli chinanso chimene timafundeto tinagundapo n'kubwerera. Atsikana a m'kalasi mwanu alidziwe dzina limeneli.

Tengani peyala mulidule pakati. Khungu lake ndiye miyala imene tikukhalapoyi: pansi pa mtunda n'njochindikala makilomita 30 mpaka 50, pansi pa nyanja zamchere makilomita 5 mpaka 10 okha. Mnofu wa peyala ndiwo gawo lalikulu, lotsika mpaka makilomita 2,900 aja. Apa ndikupempheni mukonze cholakwa chimene chafala ngakhale m'mabuku ena: gawo limeneli si chiphala chowira, ndiye kuti mwala wosungunuka. Ndi thanthwe lolimba, ndipo umboni wake ndi woti mafunde a S amadutsamo bwinobwino. Koma chifukwa cha kutentha, thanthwelo limasuntha pang'onopang'ono, masentimita ochepa pachaka, monga phula limene mukalimenya ndi mwala limasweka koma mukalisiya padzuwa limapindika lokha. Chiphala chimapangika m'malo ochepa okha. Njere ya peyala ndiyo chitsulo cha pakati, chosakanikirana ndi nikelo. Kunja kwake n'chosungunuka, mpaka pa makilomita pafupifupi 5,150, ndipo kuyenda kwa chitsulo chosungunukachi n'kumene kumachititsa kuti muvi wa kampasi uziloza kumpoto. Pakatikati penipeni chitsulocho n'cholimba ngakhale kuti kutentha kwake kumaposa madigiri 5,000, chifukwa kulemera kwa dziko lonse kwachipanikiza. Za nyanja ya pansi pa nthaka, madzi alipodi, omwe timatunga pamjigo, koma amakhala m'ming'alu ndi m'timipata ta miyala ya pamwamba pomwepa. Dziko si lamphako.

Chikopa cholimba cha pamwambachi si chimodzi. Chinasweka m'mapale akuluakulu ngati a mphika, ndipo mapalewo amayenda pamwamba pa thanthwe lofewerapo lija. Alfred Wegener atanena mu 1912 kuti makontinenti amasuntha, ambiri anamutsutsa, ndipo anamwalira mu 1930 asanamukhulupirire. Lero timayeza kusunthako ndi makina a GPS okhomeredwa pathanthwe. Kumene mapale akugundana, lina n'kumalowa pansi pa linzake, ndiko kumachitika zivomezi zoopsa kwambiri, monga cha ku Chile cha 1960 chimene chinafika 9.5, chachikulu kuposa zonse zimene makina analembapo. Kwathu kuno mapale sakugundana. Akupatukana.

Apa ndiye pagona nkhani ya Salima. Chigwa chachikulu chimene chikuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, chili ndi nthambi ya kumadzulo yodutsa m'nyanja za Albert, Tanganyika ndi Rukwa, n'kulowa m'nyanja yathu, kutsika ndi Shire mpaka ku Mozambique. Mbali ya kuvuma ikuchoka ku mbali ya kuzambwe ndi mamilimita awiri kapena atatu pachaka kuno kwathu. Thanthwe likakokedwa chonchi limang'aluka, ndipo chigawo cha pakati chimatitimira. Dzenje lotitimiralo ndilo linadzaza madzi n'kukhala nyanja ya Malawi. Pamwamba pa madzi ake ndi mamita ngati 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, koma pakuya kwambiri, cha ku Nkhata Bay ndi Usisya, imafika mamita pafupifupi 700. Chotsani muone: pansi pa nyanja yathu ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja ya Indian ndi mamita oposa 200. Mtsinje sungakumbe dzenje lotero. Ndi nthaka imene inatsika, chivomezi ndi chivomezi, kwa zaka mamiliyoni angapo. Mukamakwera Khwekhwelere kuchoka ku Golomoti, kapena Chiweta, kapena mukamatsika zitunda za ku Chikwawa, dziwani kuti mukuyenda pa khoma la mng'alu. Ine ndikaima pamwamba pa zitunda zimenezi n'kuyang'ana chigwa chili tambalala m'munsimo, ndimaona ntchito ya zivomezi zikwizikwi zimene zinachitika kusanakhale munthu woziwerenga. Usipa ndi chambo zimene timadya, mpunga wa ku Karonga ndi ku Nkhotakota, zonsezi zili m'chigwa chimene zivomezi zinakumba. Akasupe otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde nawonso ndi a m'banja lomweli: madzi a mvula amalowa pansi kudzera m'ming'alu, amakatenthedwa ndi thanthwe, n'kubwerera kumtunda. Si chizindikiro chakuti phiri latsala pang'ono kuphulika. Mapiri ophulika oyandikana nafe ali ku Rungwe, ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja.

Nanga ngati kusunthako ndi mamilimita awiri okha, kugwedezeka koopsa kuja kumachokera kuti? Mbali ziwiri za mng'alu sizitsetsereka mofatsa chaka ndi chaka. Zimagwirana zolimba chifukwa cha kulemera kwa miyala. Kukoka kuja kumapitirira, thanthwe limapindika pang'onopang'ono ngati uta umene mlenje akuukoka, kwa zaka mazana kapena zikwi, mpaka tsiku lina kugwiranako kumalephera. Zimene zinasonkhana zaka zonsezo zimatuluka m'masekondi ochepa. Chimenecho ndicho chivomezi. Manambala amene mumamva pa wailesi aja amapusitsa: kuchoka pa 5 kufika pa 6 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, ndipo kuchoka pa 5 kufika pa 7 imachuluka ka 1,000. N'chifukwa chake musatonthozedwe ndi mawu akuti tizivomezi ting'onoting'ono timaphwetsa mphamvu kuti chachikulu chisabwere. Pangafunike tizivomezi ta 5 tokwana chikwi kuti tilowe m'malo mwa chimodzi cha 7.

Za Napolo, musamuchititse manyazi mwanayo, pakuti agogo ake anaona chinthu chenicheni. Chimene anthu a ku Zomba anaona mu 1946, a ku Phalombe mu 1991, ndiponso a ku Soche, Chiradzulu ndi Mulanje nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ndi phiri kugumuka chifukwa nthaka yakhuta madzi a mvula, matope ndi miyala n'kutsika ndi mkokomo, kusiya mkukuluzi wokhotakhota ngati mwadutsa chinjoka. Zimenezo zimayambira pamwamba, m'mamita ochepa a nthaka, ndipo zimadza ndi mvula. Chivomezi chimayambira makilomita ambiri pansi. Cha kwanu cha 1989 chinayambira pa kuya kwa makilomita pafupifupi 30. Sichisankha dzinja kapena chilimwe, usana kapena usiku.

Miyala ya pabwalo la sukulu yanu ikhoza kukuthandizani kuphunzitsa zonsezi. Tolani mwala wa mizeremizere yoyera ndi yakuda, wonga umene anthu amaswa m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa kwa omanga. Miyala yotere ndiyo maziko a gawo lalikulu la dziko la Malawi, ndipo ina inapitirira zaka biliyoni. Mizere yopindikayo ikusonyeza kuti mwalawo unaphikidwa ndi kufinyidwa pansi kwambiri mpaka kufewa osasungunuka. Phiri la Mulanje, ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002, ndi la mtundu wina: chinali chiphala chimene chinakwera n'kuzizirira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa imene inachikwirira, icho n'kutsala chili njo. Mtundu wachitatu ndi wa mchenga, matope ndi zomera zimene zinaunjikana n'kuuma kukhala mwala. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi ndi zomera za m'madambo akalekale, ndipo m'miyala yoteroyo ku Karonga ndi mmene munapezeka mafupa a Malawisaurus, chinyama chimene chithunzithunzi cha mafupa ake chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya m'tauniyo. Mwana akagwira mwala wamizere uja m'manja, wagwira chinthu chimene chinakhalako pa kuya kumene makina a ku Kola sanafike.

Kung'ambika kwa Africa ndi nkhani yoona imene mafoni amaikokomeza. Ku Afar, ku Ethiopia, mu 2005 nthaka inatsegukadi mamita angapo pa mtunda wa makilomita ngati 60 m'masabata ochepa, chiphala chitalowa mumng'alu. Koma kuno kwathu, pa mamilimita awiri pachaka, kuti mbali ziwirizi zitalikirane mita imodzi pafunika zaka 500. Chikhadabo cha mwana chimakula msanga kuposa pamenepo. Kuti nyanja yamchere idzalowe m'chigwachi ndi nkhani ya zaka mamiliyoni ambiri, ndipo m'mbiri ya dziko muli zigwa zina zotere zimene zinayamba kutseguka n'kulekera panjira. Anawo asagone ndi nkhawa yoti adzadzuka ali pachilumba.

Tsopano funso lanu lomaliza, limene ndikudziwa kuti ndilo likukusowetsani tulo. Ayi, mayi, tsiku sitingakuuzeni. Palibe katswiri kulikonse padziko, ngakhale ku Japan kumene kuli makina ochuluka, amene angatchule tsiku, malo ndi kukula kwa chivomezi chisanachitike. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wonena kuti chibwera mawa 2 koloko usiku ndi wabodza, ndipo chonde musautumize kwa ena. Ku Karonga mu Disembala 2009 kunagwedezeka pa 6, kunagwedezekanso pa 8 ndi pa 12, ndipo chachikulu, cha 6.0, chinadza usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Panalibe amene akanadziwa pa 6 paja kuti chachikulu chikadali m'njira. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwi zingapo zinawonongeka.

Chimene tikudziwa bwino ndi malo. Ming'alu ikuluikulu inajambulidwa pa mapu, ndipo a nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba ali ndi makina oyeza kugwedezeka kwa nthaka m'madera angapo. Kumwera kwa dera lanu kuli mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, wodutsa m'tsinde mwa zitunda za Ntcheu ndi Dedza. Pamalo ambiri umaoneka ngati chitunda chongoti chubu, cha mamita khumi kapena kuposa, pakati pa minda. Amene anauyeza amati ukanatsetsereka wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomezi choposa 7. Zoterezi zinachitikapo kwa anansi athu: ku Rukwa ku Tanzania mu 1910 kunachitika cha 7.4, ndipo ku Machaze ku Mozambique mu Febuluwale 2006 kunachitika cha 7.0. Pa mng'alu umodzi zimatenga zaka zikwi kuti chotere chibwerezenso, koma ming'alu tili nayo yambiri, ndipo ife tinayamba kulemba zivomezi ndi makina dzulodzuloli.

Pamene pamandipweteka mtima ndi pa kamangidwe kathu. Anthu ambiri amene amafa pa chivomezi amaphedwa ndi khoma. Nyumba ya makolo ya mitengo yomata dothi, yofolera udzu, imagwedera n'kuima, ndipo ikagwa n'njopepuka. Ife tinaisiya n'kuyamba kumanga za njerwa, zimene n'zabwino, koma timamanga ndi matope m'malo mwa simenti, khoma la njerwa imodzi, ngodya zosalumana, mawindo akuluakulu oyandikana ndi pangodya, ndi gebulo (khoma lansonga lofika kudenga) yaitali yongoima yokha popanda choigwira. Ku Karonga makoma oterewa ndiwo anagwa kwambiri, ndipo m'malo a mchenga wonyowa a m'mbali mwa nyanja nthaka inafewa, madzi ndi mchenga n'kumatumphuka m'ming'alu. Inunso ku Salima muli ndi nthaka yotereyi. Womanga ayambe ndi maziko ofika pa nthaka yolimba, apewe dambo lokwiriridwa, alumanitse njerwa pangodya, aike waya pakati pa mizere ya njerwa, ndipo koposa zonse athire lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo, amene amisiri amamutcha ring beam. Lambayu amamanga makoma anayi kukhala mtolo umodzi. Mitengo ya denga imangiriridwe ku lambayo, osangotsamiritsa malata ndi miyala. Ndikudziwa kuti thumba la simenti lakwera mtengo, ndipo sindikunena izi mopepuka. Koma ngati ndalama zili zoti musankhe pakati pa pulasitala wokongola ndi lamba uja, sankhani lamba. Ngati zili zoti musankhe pakati pa zipinda zisanu zofooka ndi zitatu zolimba, mangani zitatu. Mukakhala pa msonkhano wa komiti ya sukulu pokambirana za buloko yatsopano, funsani za lambayu musanafunse za utoto.

Ndipo anawo muwayeseze kamodzi pa teremu, monga mmene mumayesezera nyimbo za pa asembule. Pansi pakayamba kugwedezeka asathamangire pakhomo onse nthawi imodzi, chifukwa amapondana, ndipo njerwa za gebulo ndi za khonde zimagwera pomwe akutulukirapo. Agwade, alowe kunsi kwa desiki n'kugwira mwendo wake. Ngati m'kalasi mulibe madesiki, agwade chapakati, kutali ndi mawindo ndi khoma la gebulo, aphimbe mutu ndi khosi ndi manja kapena chikwama cha mabuku. Kukangoleka kugwedezeka atuluke pamzere kupita pabwalo la mpira, kutali ndi mpanda wa njerwa, thanki ya madzi ndi mawaya a magetsi, inu muitane maina. Musawabwezere m'kalasi limene khoma lake lang'aluka mpaka wodziwa za zomangamanga ataliona, pakuti pambuyo pa chachikulu pamabwera zina zing'onozing'ono kwa masiku kapena masabata, ndipo khoma limene latsala lendelende limagwa ndi zimenezo.